Kalata Yotseguka kwa Oyang'anira Bwalo la Griffin Saenda: Oimba Alowe, Koma Pansi Posewerera Pasungidwe

Olemekezeka a Nduna oona za achinyamata ndi masewero, akuluakulu a Malawi National Council of Sports, ndi inu nonse amene munapatsidwa makiyi a bwalo la Griffin Saenda ku Lilongwe,

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera mumzinda uno wa Lilongwe. Kwa zaka zambiri, anzanga akaweruka ine ndimatsalira ndi atsikana a ntchemberembaye komanso kagulu ka anyamata ndi atsikana othamanga, ndipo Loweruka masana ndimakhala kukwaya ya kumpingo kwathu. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mudziwe kuti sindikulemba ngati munthu wodana ndi nyimbo. Ndikufunitsitsa kuti m'bwalo limeneli muzimveka likhweru la woimbira masewero komanso ng'oma ndi magitala, koma ndili ndi nkhawa yakuti mukapanda kukhazikitsa malamulo olembedwa nthawi ikadalipo, amene ali ndi ndalama m'thumba adzakhala eni nyumba, ndipo ana amene nyumbayo inamangidwira azidzaima panja ngati alendo.

Mukudziwa bwino kumene tachokera. Timu yathu ya Malawi Queens inafika panambala 5 pampikisano wa dziko lonse ku Auckland mu 2007, inatenga malo achitatu pampikisano wa Fast5, wa osewera asanu mbali iliyonse, ku Melbourne mu 2016, ndipo mu 2018 inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pamasewero a Commonwealth ku Gold Coast. Atsikana amene anachita zimenezi anakulira pasimenti ya ku Blantyre Youth Centre ndi pamabwalo afumbi a kusukulu, kumene mizere timailemba ndi phulusa m'mawa, ikafika nthawi yopuma yafufutika kale ndi mapazi. Malemu Griffin Saenda, amene dzina lawo munalipereka kunyumbayi, anaphunzitsa mibadwo ya osewera padzuwa lomwelo, pamalo amene mwana akagwa amadzuka khungu la pabondo litatsala pansi. Choncho pamene bwalo lofoleredwa linamangidwa pafupi ndi Bingu National Stadium pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5, a mayiko a kummwera kwa Africa, a mu Disembala 2022, ambirife tinaona ngati ngongole yakale yayamba kubwezedwa. Ine ndinauza atsikana anga kuti tsiku lina adzasewera mmenemo, ndipo ndikufuna kuti mawu amenewo asadzakhale bodza.

Komabe walira mvula walira matope. Nyumba yaikulu chotere imadya ndalama tsiku lililonse, kaya muli masewero kaya mulibe. Magetsi ayenera kulipiridwa, madzi a m'zimbudzi ayenera kutuluka, alonda ndi osesa ayenera kulandira malipiro awo pakutha pa mwezi, denga likangoyamba kudontha liyenera kukonzedwa sabata yomweyo, ndipo jenereta siyenda popanda mafuta. Ndalama za pakhomo za masewero a ntchemberembaye, basketball kapena volebo sizingakwanitse zonsezi, ndipo tonse tikudziwa kuti bajeti ya masewero ndi imene imayamba kudulidwa chuma chikavuta. Tinaona zimene zinachitikira malo amene kale ankatchedwa French Cultural Centre ku Blantyre, kumene kunakulira oimba ndi ochita zisudzo ambiri: atachoka m'manja mwa eni ake oyamba anakhala nthawi osasamalidwa mokwanira, akuba analowamo, ndipo kuwabwezeretsa kwakhala ntchito ya zaka zambiri. Nyumba ya boma yopanda ndalama zoisamalira imatha pang'onopang'ono, kuyambira ndi mpopi umodzi wothyoka ndi babu limodzi lopserera.

Pachifukwa chimenechi ndikugwirizana ndi onse amene amati bwaloli lizibwereketsedwa kwa okonza maphwando a zoimbaimba. Oimba athu nawonso akhala akuvutika. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, munthu wokonza phwando pabwalo lapamtetete amagona akuyang'ana kumwamba, popeza mvula ya ola limodzi ikhoza kumwaza anthu, kunyowetsa zimkuzamawu zobwereka ndi kumusiya ndi ngongole ya chaka chathunthu. Makwaya akuluakulu, magulu a nyimbo zauzimu ndi achinyamata oimba nyimbo zamakono akusowa denga lalikulu limene angasonkhanitsemo anthu masauzande. M'mayiko ena njira imeneyi inayesedwa kale ndipo ikuyenda. Ku Kigali, bwalo lokhala anthu 10,000 limene linatsegulidwa mu 2019 linachititsa mpikisano woyamba wa Basketball Africa League mu 2021, limalandira oimba otchuka ochokera kunja, ndipo mu 2022 linatchedwa BK Arena banki ya Bank of Kigali italipira kuti dzina lake likhalepo. Ku Birmingham, bwalo limene linatsegulidwa mu 1991 ndi dzina lakuti National Indoor Arena linachititsa mpikisano wa dziko lonse wa othamanga a m'nyumba kawiri, mu 2003 ndi mu 2018, ndipo lomwelo linachititsanso mpikisano wa nyimbo wa Eurovision mu 1998. Kumeneko njira yothamangamo ya mamita 200 imayalidwa mpikisano ukayandikira ndipo imachotsedwa ukatha, kuti mawa lake pabwere nsanja ya oimba. Chimene chimachititsa kuti zitheke ndi dongosolo: aliyense amadziwa tsiku lake, malire ake ndi chimene adzalipire akawononga.

Chuma chenicheni cha bwalo lotere chili pansi pamene osewera amapondapo. Makoma ndi mipando zikhoza kuoneka bwino pachithunzi, koma pansi pakawonongeka nyumbayo yasanduka holo wamba. Pansi pa bwalo la masewero a m'nyumba, kaya ndi pa matabwa kaya pa mphira wapadera, amapakonza kuti pazifewa pang'ono munthu akatera kuchokera m'mwamba, ndiponso kuti nsapato izigwira mokwanira popanda kuterereka kapena kukakamira. Pa ntchemberembaye zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa lamulo silimulola wosewera kuthamanga ndi mpira: amaulandira ali paliwiro, amaima pomwepo, amatembenuka pa phazi limene anatera nalo, ndipo ayenera kuuponya masekondi atatu asanathe. Mphamvu yonse ya liwiro lake imathera m'bondo ndi m'kakolo. Adani a pansi potere ndi odziwika. Madzi akalowa m'matabwa amatupitsa, mchenga wobwera ndi nsapato umapala ngati sandipepa, zidendene zosongoka zimaboola timaenje, miyendo yachitsulo ya nsanja ndi milu ya zimkuzamawu zimaphwanya pamene zakhala, ndipo kachidutswa ka botolo kamodzi kakhoza kubisala pamzere mpaka tsiku limene mwana adzagwerepo ndi chikhatho.

Ndikulankhula zimene ndinaona ndi maso anga, ngakhale kuti sizinachitikire m'bwalo lanu. Zaka zingapo zapitazo tinaitanidwa kumasewero a sukulu m'holo ina imene usiku wake munali phwando. Titafika m'mawa tinapeza mabokosi a zakumwa ataunjikidwa pakona, tepi yakuda ya nthambo za magetsi ikadamatirira pansi, ndipo anyamata awiri akukolopa mofulumira ndi madzi a sopo chifukwa pena panali potsekemera ndi zakumwa zotayika. Ndinayendapo ndi nsapato zanga, ndinamva kuti pena pakugwira pena pakuterera, koma popeza tinali talipira kale minibasi ndipo ana anali atavala, ndinalola kuti masewero ayambe. M'chigawo chachiwiri, mtsikana wanga wa Fomu 3 amene ankasewera pakati, mwana wopepuka thupi amene ankaona mpata anzake asanauone, analumpha kulandira mpira pafupi ndi mzere, phazi lakumanja linatsetsereka, ndipo bondo linapindikira m'kati. Sanakuwe nthawi yomweyo. Anangogwira bondolo ndi manja onse awiri akundiyang'ana, mpira ukugubuduzika kupita kukhomo. Tinamunyamula anthu anayi kukamukweza galimoto ya kholo lina. Sukulu anamaliza, koma sanabwererenso pabwalo, ndipo mayi ake atabwera kudzatenga chikwama chake anandifunsa mofatsa ngati ndinaona kuti pansi panali ponyowa. Ndinavomera kuti ndinaona. Mlandu umenewo ndimausenza mpaka lero, ndipo ndi umene wandichititsa kulemba kalata ino.

Tsono pempho langa loyamba ndi lakuti pasapezeke phwando, msonkhano, ukwati kapena mapemphero a chitsitsimutso ochitikira m'bwaloli pansi posewerera pasanaphimbidwe ndi zophimbira zake zenizeni, zimene ziyenera kukhala katundu wa bwalolo, zosungidwa pamalo ake, osati malona obwereka pamsika. Nsanja izikhala pa matabwa otambalala ogawa kulemera kwake, zakumwa za m'mabotolo agalasi zizithera panja, ndipo pasakhale womangirira magetsi kapena zimkuzamawu kuzitsulo za kudenga popanda chilolezo cha injiniya amene akudziwa kulemera kumene dengalo lingapirire. Wobwereka aliyense azisiya ndalama ya chikole, ndipo asanalowe komanso atatuluka aziyendera pansi ponse pamodzi ndi woyang'anira bwalo ndi nthumwi ya mabungwe a masewero, akulemba ndi kujambula chimene apeza. Lamuloli likhale limodzi kwa onse. Ndikutsindika mawu akuti onse chifukwa kwathu kuno lamulo limalimba kwa mnyamata wokonza phwando lake loyamba, koma limafewa pakabwera kalata yochokera kwa munthu wamkulu kapena chipani, ndipo woyang'anira bwalo amene ali ndi ana oti awadyetse sangakane yekha ngati inu simunamuikire kumbuyo ndi pepala losainidwa.

Nkhani ya masiku ndi imene ingadzatigawanitse kwambiri. Oimba amafuna Lachisanu usiku, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo masiku omwewo ndi amene ligi imaseweredwa, chifukwa osewera athu ambiri ndi ana asukulu, asilikali, apolisi ndi anthu apantchito. Phwando la Loweruka usiku silidya usiku umodzi wokha: nsanja imayamba kumangidwa Lachisanu, zoimbira zimayesedwa Loweruka masana, ndipo kuphwasula ndi kuyeretsa kumafika Lamulungu madzulo. Mukalola maphwando awiri pamwezi popanda dongosolo, theka la ligi lapita. Ndikupempha kuti chaka chisanayambe muzikhala pansi ndi Netball Association of Malawi, mabungwe a basketball, volebo, nkhonya ndi masewero ena a m'nyumba, komanso bungwe loona za masewero a m'sukulu, kuti iwo ayambe kusankha masiku awo, ndipo otsalawo agulitsidwe kwa oimba. Kalendala imeneyo imatidwe pakhomo la bwalo ndi kuikidwa pa intaneti kuti aliyense aione. Tsiku limene laperekedwa ku masewero lisalandidwe chifukwa kwabwera wina wolipira zambiri, makamaka pamene Queens ili m'kampu yokonzekera mpikisano wakunja. Mu 2023, pampikisano wa dziko lonse ku Cape Town, tinathera panambala 7, kumbuyo kwa Uganda ndi South Africa, ndipo sitingabwerere pamwamba ngati timu ya dziko izisamutsidwira pasimenti sabata yomaliza ya kukonzekera kuti m'nyumba mwake mulowe mlendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Timulandire bwino, koma dzuwa likatuluka mwini nyumba apeze malo ake ali momwe anawasiyira.

Za ndalama ndinena mwachidule, chifukwa inu mukuzidziwa kuposa ine. Ndalama zimene bwalo lapeza zikangolowa m'thumba lalikulu la boma, kuzitulutsamo kuti mugule babu kapena utoto wa mizere kumatenga miyezi, ndipo cholinga chonse chobwereketsera bwalolo chimatayika. Kambiranani ndi a ku Unduna wa Zachuma kuti gawo lodziwika la ndalamazo lizitsala m'akaunti yosamalira bwalolo, ndipo kamodzi pachaka muzitiuza poyera kuti munalowa zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Mitengo yobwerekera nayonso ilembedwe poyera, ndipo isiyanitse kampani yaikulu yobweretsa woimba wakunja ndi kwaya ya ku Kawale kapena gulu la achinyamata a ku Area 25. Ngati kampani ina ingafune kulipira kuti dzina lake lioneke pabwaloli monga anachitira ku Kigali, ilandiridwe, koma dzina la Griffin Saenda lisachotsedwe.

Othamanga anga andituma kuti ndiwalankhulireko, chifukwa iwo amaiwalika kawirikawiri tikamakamba za mabwalo ofoleredwa. Sitikupempha njira ya mamita 200 yokhala ndi makona okwera ngati ya ku Birmingham, popeza njira yathu yothamangamo ili pafupi pomwepo, m'bwalo la Bingu. Chimene tikusowa ndi pothawira mvula. M'miyezi ya dzinja mabwalo a sukulu amasanduka matope ndi udzu wofika m'mawondo, ndipo mwana amene anayamba kuthamanga bwino mu Okutobala amafika mu Epulo atabwerera pamene anayambira. Mikeka ya mphira yoyala ndi kupinda, matiresi a olumpha m'mwamba, zitsulo zoyambira liwiro ndi malo ochitira masewero olimbitsa thupi zikhoza kukwana m'mbali mwa bwalo popanda kukhudza pamene a ntchemberembaye amasewerera. Asimenye Simwaka anakaimira dziko lino pa Olympics ku Tokyo, ndipo m'masukulu mwathu muli ana ena amiyendo yotero amene akungofuna kuti maphunziro awo asamaduke miyezi isanu chaka chilichonse. Patulani maola a m'mawa kapena masana apakati pa sabata, pamene bwalo limakhala lopanda kanthu, kuti sukulu za boma zizilowa mwaulere kapena pamtengo umene komiti ya makolo ingakwanitse. Ana a ku Mtandire amaliona denga limenelo tsiku lililonse akamapita kusukulu, ndipo n'koyenera kuti alidziwenso m'kati mwake.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe ngakhale ndi yowawa. Pa 6 Julayi 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, anthu 8 anafa pa chipata cha Bingu National Stadium pamene khamu linkakankhana kuti lilowe, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Zimenezo zinachitika panja, m'mawa, pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene pali bwalo la Griffin Saenda. M'nyumba yofoleredwa, usiku, magetsi atazima mwadzidzidzi, ngozi yotere ikhoza kukula koposa. Khamu la phwando la nyimbo limasiyana ndi la masewero: limaimirira, limakankhikira kutsogolo kufupi ndi nsanja, ena amakhala atamwa, ndipo wokonza phwando amayesedwa kugulitsa matikiti opitirira malo chifukwa phindu lake lili pamenepo. Chiwerengero cha anthu ololedwa kulowa chilembedwe pakhomo ndi m'pangano, ndipo owerenga anthu pachipata akhale anu, osati a wokonza phwando. Zipata zizitsegulidwa nthawi yabwino kuti anthu asaunjikane panja. Makomo otulukira pangozi asamangidwe ndi unyolo pofuna kutsekereza olowa mozemba, magetsi a batire oonetsa njira aziyesedwa phwando lililonse lisanayambe, ndipo ambulansi ndi anthu a chithandizo choyamba azikhala pamalopo kufikira munthu womaliza atatuluka. Muganizirenso anthu oyenda panjinga za olumala, kuti malo awo asakhale oyamba kudzazidwa ndi zimkuzamawu.

Oimba nawonso ali ndi zoyenera kulandira kwa inu ngati alipira. Nyumba yomangidwira masewero imabweza mawu, moti gitala ndi ng'oma zimasakanikirana mpaka munthu wokhala kumbuyo samva chimene chikuimbidwa, ndipo makatani olemera opachikidwa m'makoma amachepetsa vutoli pamtengo wosaboola thumba. Pafunika magetsi okwanira zoimbira zawo, zipinda zosinthira zaukhondo, khomo lolowetsera katundu lakelake kuti galimoto isafike pafupi ndi pansi posewerera, komanso mgwirizano ndi bungwe la Cosoma kuti eni nyimbo alandire zawo. Wokonza phwando akapeza zonsezi sadzadandaula ndi chikole kapena lamulo la mabotolo, chifukwa adzaona kuti akuchita ndi anthu odziwa ntchito yawo. Anthu okhala m'madera oyandikana nawo, monga Area 47 ndi Area 49, ayeneranso kudziwa ola limene phokoso lidzathe.

A ku Blantyre, kumene ntchemberembaye inakulira, ndi a ku Mzuzu akuyang'ana mmene muyendetsere bwalo limeneli, chifukwa nawonso akufuna lawo, ndipo a ku Unduna wa Zachuma adzafunsa kaye ngati loyambalo likudzisamalira. Ndikukupemphani, olemekezeka, kuti mvula ikubwerayi isanagwe mutulutse malamulo obwerekera bwaloli pamodzi ndi kalendala ya chaka chamawa, ndipo muitane aphunzitsi a masewero, osewera akale a Queens ndi nthumwi za oimba kuti aziwerenge zisanasainidwe. Phwando loyamba lotsatira malamulowo likadzachitika, ine ndidzagula tikiti ndipo ndidzabwera ndi anzanga a kukwaya. Lolemba lake m'mawa ndidzabweranso ndi atsikana anga, ndipo ndisanawalole kuvala mabibu ndidzayenda ndekha pabwalo lonse, kuchokera pagoli mpaka pagoli, ndikumva ndi nsapato zanga ngati pansi pali pouma.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa masewero, Lilongwe